Mwana Wodutsa M'zoopsa Ali M'kalasi: Kuyerekeza Njira Zimene Akatswiri a Occupational Therapy Amatsata

Sukulu ikazindikira kuti ena mwa ana ake anadutsa m'zoopsa, monga kumenyedwa, kugwiriridwa, kuona makolo akumenyana, kuferedwa mwadzidzidzi kapena kuthawa nkhondo, akuluakulu nthawi zambiri amathamangira kufunsa kuti agule zipangizo zanji kapena aitane ndani. Funso loyenera kutsogola ndi lina: kodi mwanayu akulephera kuchita chiyani pa tsiku lake la sukulu, ndipo chikumutchinga n'chiyani? Limeneli ndilo funso la akatswiri a occupational therapy, amene ntchito yawo ndi kuthandiza munthu kuti azitha kuchita zinthu zimene moyo wake umafuna tsiku ndi tsiku. Kwa mwana wasukulu, zinthuzo ndi kukhala pansi n'kumvetsera, kulemba, kuima pamzere, kudya pamodzi ndi anzake, kusewera, ndiponso kusiya ntchito ina n'kuyamba ina popanda kubalalika.

Ana otere si ochepa. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2016 m'magazini ya zachipatala ya Pediatrics, amenenso bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization limatchula kawirikawiri, anapeza kuti ana okwana mpaka 1 biliyoni a zaka 2 mpaka 17 amakhala atachitiridwa nkhanza za mtundu wina m'chaka chimodzi chokha. Kafukufuku wina wotchuka, wa Vincent Felitti ndi Robert Anda, amene zotsatira zake zoyamba zinatuluka mu 1998, anafunsa anthu akuluakulu oposa 17,000 ku San Diego m'dziko la America za ubwana wawo, ndipo pafupifupi awiri mwa atatu alionse anatchula chowawa chimodzi kapena kuposerapo. Zowawazo zikamachuluka, matenda a mtima, kuvutika maganizo ndi uchidakwa zinkachulukanso anthuwo atakula. Komabe Anda yemweyo ndi anzake analemba mu 2020 kuti mafunso a kafukufukuyu sanapangidwe kuti aziyezera munthu mmodzimmodzi, choncho sukulu imene ikufuna kuyamba ndi kugawira ana fomu yowerengera zowawa zawo yayambira polakwika. Katswiri sasowa kudziwa nkhani yonse ya mwana kuti amuthandize. Chimene akusowa ndi kuona mmene thupi la mwanayo limachitira tsiku likamapita.

Taganizirani mnyamata wa zaka 8 pa nthawi imene belu lalira mwadzidzidzi, mipando ikukwekwesedwa pansi ndipo aliyense akuthamangira pakhomo. Mapewa ake amakwera, maso amayang'ana uku ndi uku, ndipo mnzake wa kumbuyo akangomukhudza ndi chikwama, chibakera chimatuluka mutu usanaganize. Pa desiki ina pali mtsikana amene salongolola ndipo sakweza dzanja, pensulo ali nayo m'manja koma tsamba lili loyera, ndipo mphunzitsi akamutchula dzina amadzidzimuka ngati wachokera kutali. Woyambayo amalangidwa pafupipafupi, wachiwiriyo amatamandidwa kuti ndi wofatsa, chonsecho onse awiri angakhale ndi vuto limodzi, la thupi limene linazolowera kuyembekezera ngozi. Dokotala wa zamaganizo Dan Siegel anafotokoza mu 1999 kuti munthu aliyense ali ndi malire amene mkati mwake amatha kumva, kuganiza ndi kuphunzira; akapitirira malirewo amamenya kapena kuthawa, ndipo akatsikira pansi pake amangozizira n'kuti phee. Bruce Perry, dokotala wa ana pa zamaganizo, amaphunzitsa kuti thupi liyambe lakhazikika, kenako mwana amve kuti ali ndi munthu wamkulu womudalira, ndipo zikatero m'pamene angalankhulidwe za chifukwa ndi zotsatira. Tisaiwale kuti zizindikiro zomwezi zimaonekanso mwa mwana wosamva bwino, wosagona mokwanira, wanjala, kapena amene ali ndi autism (vuto la kakulidwe ka ubongo lokhudza kulankhulana ndi kucheza ndi ena) kapena ADHD (vuto lolephera kukhazikika ndi kuika maganizo pa chinthu chimodzi), ndiye sibwino kunena kuti mwana aliyense wovuta anachitiridwa nkhanza.

Bungwe la boma la America lotchedwa SAMHSA linalemba mu 2014 mfundo zimene anthu ambiri amatsatira pa nkhaniyi: kuzindikira kuti zoopsa zimasiya mabala, kudziwa zizindikiro zake, kusintha kachitidwe ka zinthu, ndi kupewa kudzutsanso bala la munthu. Njira zonse zimene tiyerekeze pano zimati zimatsata mfundozi, koma zimasiyana kwambiri pa mtengo, pa umboni, ndiponso pa chimene zikufuna kusintha, kaya ndi mwana, kalasi kapena munthu wamkulu.

Kumutengera mwana kuchipinda cha zipangizo

Njira yodziwika kwambiri, imenenso makolo ambiri amaipempha, ndi yomuchotsa mwana m'kalasi kwa kanthawi n'kupita naye kuchipinda kumene kuli katungwe, mipira ikuluikulu, matiresi, zokwera ndi zodumphapo. Inachokera ku ntchito ya A. Jean Ayres, katswiri wa occupational therapy wa ku America amene anafotokoza maganizo ake m'buku la mu 1972. Iye ankati ubongo umafunika kulongosola bwino zimene thupi likumva, osati zochokera m'maso ndi m'makutu zokha, komanso za pakhungu, za m'minofu ndi m'malo olumikizira mafupa, ndi zimene munthu amamva akamazungulira kapena kupendekeka. Katswiri wodziwa ntchito amasiya mwana kutsogolera masewera, iye n'kumawonjezera kapena kuchepetsa zovuta malinga ndi mmene mwanayo akuonekera. Kwa mwana amene anthu akuluakulu anamuchitira zinthu osamufunsa, kupatsidwa mwayi wonena kuti imani, kenako katungwe n'kuimadi, ndi chinthu chachikulu. Ku Massachusetts akatswiri a zamaganizo anagwirizana ndi Jane Koomar, wa occupational therapy, n'kupanga njira yotchedwa SMART, imene imagwiritsa ntchito zipangizo zoterezi pothandiza ana ovulala mumtima, ngakhale kafukufuku wake akadali wochepa ndipo anachitika pa magulu ang'onoang'ono.

Zofooka za njirayi si zazing'ono. Imafuna chipinda, zipangizo ndi katswiri wophunzitsidwa mwapadera, ndipo katswiriyo amaona mwana mmodzi pa nthawi imodzi. Mwana amaphonya phunziro, anzake amaona kuti iye yekha ndiye amatengedwa, ndipo bata limene wapeza pa katungwe silimuperekeza nthawi zonse pobwerera m'kalasi momwe belu, phokoso ndi mzere sizinasinthe. Mu 2012 bungwe la madokotala a ana la American Academy of Pediatrics linachenjeza kuti umboni wa chithandizo chotere ndi wochepa komanso wosatsimikizika, ndipo linalangiza kuti chiziyesedwa kwa nthawi yoikika kwinaku akuluakulu akuyang'anitsitsa ngati chikusinthadi kanthu.

Pali nthambi ina ya njirayi imene ndimaikayikira kwambiri, yongogula zipangizo popanda katswiri. Zovala zolemera, mabulangete olemera ndi maburashi otsukutira khungu zimagulitsidwa ngati zokhazika mtima pansi, koma kafukufuku wa zovala zolemera m'kalasi sanasonyeze phindu looneka bwino, ndipo ngozi ilipo. Mu 2008 ku Quebec m'dziko la Canada, mnyamata wa zaka 9 amene anali ndi autism anakulungidwa m'bulangete lolemera kusukulu n'kusiyidwa choncho, ndipo anamwalira chifukwa chobanika. Kwa mwana amene anagwiriridwa kapena kupanikizidwa ndi munthu wamkulu, kumugwira, kumufinya kapena kumufunditsa chinthu cholemera iye asanavomere kungadzutse zomwe zija zimene tikufuna kuziziritsa. Chimodzimodzinso ndi kachipinda kopumulirako: kakasanduka malo otsekerako mwana wolakwa, ndiye kuti ndi chilango chimene chapatsidwa dzina labwino. Kangodya ka m'kalasi momwemo, kamene mwana amapitako mwakufuna kwake, mphunzitsi akumuona, ndipo amabwerako akakonzeka, kamapereka zambiri za phindu lomwelo pa mtengo wotsika kwambiri.

Kuphunzitsa ana kudziwa ndi kuwongolera mmene akumvera

Njira yachiwiri ndi ya maphunziro a pagulu, amene katswiri amaphunzitsa kalasi yonse kapena kagulu ka ana ochepa. Pulogalamu ya Alert, ya Mary Sue Williams ndi Sherry Shellenberger, imayerekeza thupi ndi injini imene nthawi zina imathamanga kwambiri, nthawi zina imafooka, ndipo nthawi zina imayenda bwinobwino. Ya Zones of Regulation, imene Leah Kuypers anatulutsa mu 2011, imagawa mmene munthu akumvera m'mitundu inayi: wabuluu pamene watopa kapena wakhumudwa, wobiriwira pamene ali phee ndipo ndi wokonzeka kuphunzira, wachikasu pamene wayamba kutekeseka, ndi wofiira pamene mkwiyo kapena mantha zamugonjetsa. Onse atatuwa ndi akatswiri a occupational therapy. Ubwino wake ndi woonekeratu. Ana ambiri amafikiridwa nthawi imodzi, palibe amene amalozedwa chala, ndipo mphunzitsi ndi mwana amakhala ndi mawu ofanana ofotokozera zimene zikuchitika m'thupi.

Vuto ndi lakuti maphunzirowa amadalira mbali ya ubongo yomwe ija imene imayamba kufooka mwana akachita mantha. Kufunsa mwana amene wapsa kale mtima kuti ali mu mtundu uti kuli ngati kuphunzitsa munthu kusambira madzi atamufika kale m'khosi. Ana ambiri amene anadutsa m'zoopsa anaphunziranso kusamvera thupi lawo, chifukwa kumva kunali kowawa, moti sazindikira kuti mtima ukugunda kwambiri kapena kuti manja auma mpaka zinthu zitafika poipa. Mtsikana wa tsamba loyera uja akafunsidwa adzaloza mtundu wobiriwira, pakuti akudziwa kuti ndiwo umene aphunzitsi amakondwera nawo. Ngakhale eni pulogalamu amanena kuti palibe mtundu woipa, m'makalasi ambiri tchati cha mitundu chimasanduka bolodi la ochimwa, pamene dzina la mwana limasunthidwira pofiira anzake akuona. Maphunzirowa amathandiza akaphunzitsidwa pa nthawi ya bata, akabwerezedwa kambirimbiri, ndiponso munthu wamkulu akamayamba ndi kutchula za iye mwini, monga kunena kuti phokoso lamutopetsa ndipo apuma kaye mozama asanapitirize.

Kugwira ntchito m'kalasi momwemo pamodzi ndi mphunzitsi

Pa njira yachitatu katswiri samuchotsa mwana. Amalowa m'kalasi, amaima pabwalo nthawi yopuma, amapita kumene ana amadyera, n'kumaona kuti tsiku limasweka pati. Ku Ontario m'dziko la Canada, Cheryl Missiuna ndi anzake a pa yunivesite ya McMaster anapanga ndondomeko yotchedwa Partnering for Change, imene poyamba inali ya ana ovutika kuyendetsa bwino manja ndi thupi. Mmenemo katswiri amakhala pasukulu nthawi zodziwika, amayesa zinthu pamodzi ndi mphunzitsi, ndipo mwana sadikira kuti dokotala atchule dzina la vuto lake asanathandizidwe. Ku Ohio m'dziko la America, Susan Bazyk anatsogolera ntchito ya Every Moment Counts, imene inaika mtima pa nthawi ya chakudya ndi yopuma, nthawi zimene akuluakulu amaziona ngati zopanda ntchito pamene kwa ana ambiri ndizo zoopsa kwambiri pa tsiku lonse.

Tibwerere kwa mnyamata wa chibakera uja. Katswiri akamuyang'anitsitsa kwa masiku angapo angapeze kuti ndewu zake sizichitika paliponse, koma pamzere ndi pakhomo, pamene wina amabwera kumbuyo kwake iye osamuona. Zosintha zake n'zazing'ono. Mphunzitsi amachenjeza kalasi kutatsala mphindi zochepa kuti belu lilire. Mnyamatayo amapatsidwa malo a kumapeto kwa mzere, kumene kulibe womugunda kumsana, kapena amatumidwa kunyamula mulu wa mabuku kupita nawo kuofesi anzake asananyamuke, ntchito imene imalemetsa minofu, imamuchotsa pa chipwirikiti ndiponso imamupatsa ulemu wokhala wodalirika. Desiki yake imaikidwa pamene akuona chitseko. Ndandanda ya tsiku imalembedwa kapena kujambulidwa pabolodi, ndipo ikasintha, monga pamene kukubwera mphunzitsi wogwirizira, amauzidwiratu m'mawa. Mphunzitsi akafuna kumudzudzula amabwera cha kutsogolo, amawerama kuti maso afanane, n'kulankhula motsitsa. Kwa mtsikana uja zosintha ndi zina: kumupatsa chiganizo choyambira kuti tsamba lisamuopseze, kumulola kusankha pakati pa ntchito ziwiri, kusamutchula modzidzimutsa, ndi kuika mphindi zoimirira, kuwomba m'manja kapena kuyimba zimene kalasi yonse imachita limodzi kuti thupi lake lidzuke popanda kumuonetsera.

Njira imeneyi ndiyo ndingaike patsogolo, chifukwa imasintha malo amene mwana amakhalamo maola ambiri, ndipo munthu amene imamupatsa luso ndi amene amaonana ndi mwanayo tsiku lililonse. Mwana wamng'ono saphunzira kudzikhazika mtima pansi payekha. Amayamba wabwereka bata la munthu wamkulu kambirimbiri mpaka litakhala lake. Njirayi imathandizanso ana amene palibe akudziwa nkhani yawo, omwe nthawi zambiri amakhala ochuluka kuposa odziwika.

Koma nayonso ili ndi pogwera. Yonse yatsamira pa mphunzitsi, ndipo mphunzitsi amene ali ndi ana ochuluka, wotopa, kapena amene ali ndi mabala akeake sangapereke bata limene alibe. Katswiri akabwera ngati woyendera ntchito wodzapeza zolakwa, zitseko zimatsekeka. Ena amaimva molakwika ngati kuchotsa malamulo, pamene mwana wamantha amasowa malire odziwika ndi osasinthasintha kuposa wina aliyense. Chimene chimachotsedwa ndi kukalipa, kuchititsa manyazi ndi kumenya, osati malire. Umboni wake nawonso ndi wosakhwima. Mu 2019 gulu la Brandy Maynard linaunika, m'dzina la bungwe lounika kafukufuku la Campbell Collaboration, kafukufuku wa sukulu zimene zinasintha kachitidwe kawo konse poganizira zowawa za ana, ndipo silinapeze kafukufuku ngakhale mmodzi wokwanira pa muyezo umene linaika. Zimenezi sizikutanthauza kuti njirayi siyothandiza, koma kuti wogulitsa maphunziro a tsiku limodzi n'kumalonjeza zozizwitsa afunsidwe mafunso ambiri.

Luso limodzi lenileni, ndi chithandizo chimene si cha katswiriyu

Nthawi zina mwana wakhazikika ndithu koma watsalira pa luso limene anzake anaphunzira pamene iye anali pa mavuto, monga kulemba zooneka bwino, kumanga zingwe za nsapato, kulongedza chikwama kapena kulowa m'masewera a anzake popanda kuwasokoneza. Apa imagwira bwino njira ya CO-OP, ya Helene Polatajko ndi Angela Mandich, imene mwana amasankha yekha cholinga, n'kupanga pulani, kuichita, ndi kuona ngati yatheka. Umboni wake wamphamvu uli pa ana ovutika kuyendetsa thupi, osati pa ovulala mumtima, ndipo imafuna mwana amene angathe kale kukhala pansi n'kuganiza, choncho ndi yobwera pambuyo.

Pali ana ena amene njira zonsezi sizingawakwanire: amene amalota zoopsa usiku uliwonse, amene zimene zinachitika zimawabwerera m'maso masana, amene amadzivulaza kapena kulankhula za kufa. Amenewa amasowa chithandizo cholunjika pa bala lenilenilo, ndipo pa njira zonse zimene tatchula, ichi ndicho chili ndi umboni wolimba kwambiri. Njira ya TF-CBT, ya Judith Cohen, Anthony Mannarino ndi Esther Deblinger, imathandiza mwana pamodzi ndi womulera kuti pang'onopang'ono athe kufotokoza zimene zinachitika popanda kugonja nazo. Ya CBITS, imene inayambira m'sukulu za ku Los Angeles, imachitika pagulu m'magawo 10, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya JAMA mu 2003. Ku Lusaka m'dziko la Zambia, kafukufuku wa Laura Murray ndi anzake wa mu 2015, wa ana 257, anasonyeza kuti alangizi wamba ophunzitsidwa ndi kuyang'aniridwa bwino angathe kupereka TF-CBT ndipo zizindikiro za ana zimatsika kwambiri. Ntchito imeneyi ndi ya amene anaphunzitsidwa njirazo. Katswiri wa occupational therapy kapena mphunzitsi asakumbe nkhani ya mwana pofuna kumuthandiza, ndipo World Health Organization imaletsa mchitidwe wokhazika anthu pansi kamodzi kokha n'kuwauza kuti afotokoze zonse zoopsa zitangochitika. Mwana akayamba yekha kuulula, womva amvetsere modekha, asalonjeze kusunga chinsinsi, ndipo adziwitse oyenera malinga ndi malamulo oteteza ana a dziko lake.

Tsono kusankha kumadalira zinthu zingapo zimene sukulu ingathe kuziona yokha. Choyamba pa zonse ndi kudziwa ngati nkhanzazo zinatha kapena zikupitirira, pakuti mwana amene akubwerera kumene akumenyedwa madzulo aliwonse sakusowa katungwe kapena tchati cha mitundu, akusowa kutetezedwa, ndipo kukhala tcheru kwake n'koyenera. Kumene katswiri ndi mmodzi pa sukulu zambiri, nthawi yake ipite m'kalasi ndi kwa aphunzitsi, chifukwa akaitsekera m'chipinda adzafikira ana owerengeka okha. Maphunziro a pagulu awonjezedwe pamene akuluakulu aphunzira kale kusagwiritsa ntchito mitundu ija ngati chilango. Chipinda cha zipangizo chisungidwire mwana amene kuunika kwasonyeza kuti phokoso, kukhudzidwa kapena kuyenda zimamuvutadi mwapadera ndipo zosintha za m'kalasi sizinakwanire, makolo kapena omulera atavomera, nayenso mwana atafunsidwa.

Njira iliyonse imene yasankhidwa iyezedwe ndi zinthu zooneka ndi maso zimene zinalembedwa poyamba, osati ndi mawu akuti mwana akuoneka bwinoko. Kodi mnyamata uja akutha kufika pabwalo popanda ndewu masiku angati pa sabata? Kodi mtsikana uja akulemba mizere ingati, ndipo akudya ndi anzake kapena payekha? Teremu ikatha osasintha kanthu, katswiri, mphunzitsi ndi womulera akhalenso pansi, asiye chimene sichikugwira ntchito, ndipo aunikenso ngati vuto silili m'makutu, m'maso, pa tulo kapena kunyumba.